Nsalu Ikusuluka

Amisiri awiri anali pamakwerero, akukhoma katani yachinayi, pamene mkulu woyang'anira chipinda cha nsalu anawakalipiranso.

"Kumanzereko mwasiya mpata. Dzuwa likudutsa."

"Bambo, pamenepa ngakhale lumo silingalowe," anatero mmodzi, misomali ili kukamwa.

"Dzuwa ndi lopyapyala kuposa lumo. Tsekani."

Anzawo a pantchito anawapatsa dzina loti a Dzuwa, chifukwa nkhani yawo inali imodzi yomweyo kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Iwo sankakwiya nalo dzinalo. Ankakwiya ndi mawindo.

Nyumbayi kale inali siteshoni ya sitima. Itasanduka malo osungiramo zinthu zakale, inakhala zaka zambiri ndi timawindo take tating'ono, toda ndi utsi. Kenako akuluakulu anaikonzanso. Anagumula khoma lakumadzulo n'kuika magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Alendo anayamikira kuwala. A Dzuwa anangogwira chibwano.

Moyang'anizana ndi magalasiwo panali nsalu yaitali mikono khumi. Anaipeta amayi makumi anayi a pafakitale ya ulusi yomwe inatsekedwa kalekale. Onsewo anamwalira. Mmodzi mwa iwo anali mayi wobereka a Dzuwa, ndipo maluwa ofiira a pangodya yam'munsi anali ntchito ya manja ake. Kunyumba kunalibe ngakhale chithunzi cha mayiyo. Chotsala chinali maluwawo basi.

Chaka choyamba kufiirako kunayamba kuoneka ngati njerwa. Chaka chachiwiri masamba obiriwira anatuwa. A Dzuwa analemba makalata khumi ndi anayi opempha makatani otchinga dzuwa, aja otsitsa ndi kukweza ndi chingwe. Bwana wamkulu, munthu wachinyamata wokonda misonkhano, anabwera kamodzi, manja ali m'thumba.

"Koma ine ndikuona ili bwinobwino, madala."

"Inu mwabwera dzana. Mungadziwe bwanji mmene inalili?"

Atatopa, a Dzuwa anatenga zofunda kunyumba kwawo n'kuzipachika pamagalasi. Mkazi wawo anadandaula, bwana analamula zichotsedwe tsiku lomwelo, akuti zikuchititsa manyazi. Makatani enieni anafika patatha zaka zitatu.

Amisiri atamaliza, a Dzuwa anatsitsa onse asanu ndi limodzi. M'chipindamo munagwa mthunzi wozizira. Anakhala pabenchi napuma mozama, koyamba chikonzereni nyumbayo.

Koma nsalu sinasiye kusuluka.

Patatha miyezi iwiri, timizere tachikasu ta pakati pa maluwa tinali titasowa. Patatha inayi, duwa ndi tsamba zinayamba kufanana. A Dzuwa anaitanitsa amisiri aja n'kuwanena kuti anabweretsa katundu wachinyengo. Amisiri anaonetsa mapepala, anapukusa mitu, n'kumapita. A Dzuwa anamata mapepala akuda m'mphepete mwa mawindo. Anazimitsa theka la magetsi. Alendo ankalowa, kusuzumira, n'kutuluka akung'ung'udza kuti muli ngati m'phanga.

A Dzuwa anasiya kupita kokadya masana. Ankakhala pabenchi paja, kuyang'ana pangodya ya mayi awo. Tsiku lililonse pankachoka kanthu, ndipo panalibenso munthu woti n'kumulembera kalata. Ulusi ukasuluka wasuluka. Palibe mankhwala, palibe mmisiri. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anasamala nsaluyo ku njenjete, ku fumbi, ku zala za ana asukulu, lero inali kufera m'manja mwawo.

Lolemba lina anakasiya kalata yomaliza patebulo la bwana. Inali yachidule: ndalephera ntchito, pezani wina.

Bwana sanasayine. M'malo mwake anaitana katswiri wa nsalu zakale, mayi wa imvi, wosalankhulalankhula. Mayiyo anavala magolovesi oyera, nayendera nsaluyo kuyambira kumapeto mpaka kumapeto. A Dzuwa ankamutsatira pambuyo ngati munthu woperekeza maliro.

"Musandinyengerere, mayi," anatero. "Ingonenani kuti yatsala ndi zaka zingati."

Mayiyo anapempha kiyi wa kabati ya m'chipinda chosungira katundu, momwe munali timitolo ta ulusi umene opeta aja anatsaza, wosaonapo kuwala chiutsekereni. Anasankha wofiira, nagwada pangodya paja, n'kuugunditsa pa duwa limodzi. Anayesa wobiriwira. Anayesa wachikasu. Anatenga nthawi.

Atadzuka sanayang'anenso nsalu. Anayang'anitsitsa nkhope ya a Dzuwa.

"Bambo, nsaluyi sinasuluke. Mitundu yonse ili momwe anaisiyira eni ake."

Anabwerera m'mbuyo mapazi atatu n'kukweza dzanja.

"Ndaimika zala zingati?"

A Dzuwa anaphethira, anatikita m'maso, nayang'ananso. Kutsogolo kwawo kunali chifunga chokhachokha, ndipo penapake m'chifungamo munali munthu akudikira yankho.