Vazi Yopanda Chilema

Vendula anaikweza poyera vazi yoikamo maluwa, onse m'fakitale ya magalasi ku Nový Bor ali chete. Anaijambula papepala ndi iyeyo, Radovan mwamuna wake n'kuipanga pouzira galasi lamoto pang'anjo, thukuta lili kamukamu.

Inalibe chilema. Koma inzake, yobiriwira chimodzimodzi, anaiona dzulo itadzaza maluwa pawindo la mkazi wina.

"Muli kathovu umu," anatero Vendula.

"Kathovu pati? Iwe, usandipute dala!" anatero Radovan.

Lamulo onse ankalidziwa: wojambula akaikana, vazi imaswedwa n'kubwerera kumoto.

Vendula anamuyang'ana m'maso, n'kutambasula zala pang'onopang'ono. Phwaa!

"Kolezani moto, bambo. Munauzira ziwiri osatopa. Yachitatu ingakukanikeni?"