Efraín Anakana Kusuntha Thanki

Panali mkulu wina ku Bakersfield, dzina lake Efraín Baltazar, wa m'gulu lathu la mapikapu ogona pansi. Nkhaniyi inachitikadi, ndipo ndikamaikumbukira mtima umandiwirabe.

Mwana wake Maribel ankakwanitsa zaka khumi ndi zisanu. Kuno limeneli ndi tsiku lalikulu kwa mtsikana, Misa kenako phwando ku holo. Mwanayo anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Adadi, ine za galimoto yahayala ayi. Mundinyamule pa pikapu yanu. Tikafika pa holo muigoneke pansi, anzanga aone."

Efraín analonjeza, koma pikapuyo inali isanathe. Matumba a mpweya oikweza ndi kuitsitsa anali ataikamo kale. Chotsala chinali mikono yachitsulo yogwira difu, chitsulo cholumikiza mateyala akumbuyo. Mikono imeneyi imayenera kuchoka pa difu n'kuloza kutsogolo, mbali yomwe shafiti, chitsulo chachitali chozunguza mateyalawo, imachokera ku giyabokosi. Vuto lake, pamalo pamenepo pamakhala thanki ya petulo, ndiye umayenera kuichotsa n'kuika ina m'bodi. Ndi ntchito yotopetsa, koma tonsefe timaichita.

Mlamu wake Gilberto, tcheyamani wa gulu lathu, ndi munthu wosabisa mawu.

"Alamu, sunthani thankiyo. Mikono inayi, iwiri yapamwamba yopendekera m'kati, yonse iloze kutsogolo. Ndibwera ndi makina anga tiwotcherere limodzi."

"Nthawi yatha, alamu. Phwando layandikira."

"Ndiye mwanayo akwere yangayi."

"Mwana wanga akwere galimoto ya mwamuna mnzanga ine ndili moyo? Mwandiona bwanji?"

Lamlungu Efraín anapita kumsika wa zitsulo zakale. Kumeneko anakumana ndi mkulu wina wandevu, wodzitchula Dusty, yemwe panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kumene anachokera.

"Abwana, thanki musaikhudze n'komwe," anatero Dusty. "Mikono timangoitembenuza, iloze kumbuyo, tiimange kumchira kwa chesesi. Mawa lomweli pikapu yanu igona ngati mphasa."

"Alamu anga akuti zimenezo n'zoopsa."

"Alamu anuwo ndi nsanje basi. Akuopa kuti yanu itsika kuposa yawo."

Mawu amenewo anamukanda poyabwa. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kusiya m'bale wake n'kumvera mlendo chifukwa chomuyamikira! Dusty anawotcherera mikono yake yotembenuza ija, analandira zake n'kupita.

Pikapu inagonadi pansi. Efraín anaitana mlamu wake kuti adzachite manyazi. Gilberto anati aikweze mpaka pamapeto, anasuzumira kunsi, n'kudzuka maso ali psuu.

"Ichi n'chiyani? Taonani nokha! Mukaikweza, difu ikuthawira kumbuyo n'kumakoka shafiti. Yangotsala pang'ono kusololoka ku giyabokosi. Musanyamulepo munthu apa!"

"Ndiziyenda nayo yotsika."

"Nanga pa njanji mudzauluka?"

"Aaa, inu mumadziwa zonse ngati ndinu munalenga chitsulo."

Gilberto anatulutsa lezala n'kupala chizindikiro cha gulu lathu pa galasi lakumbuyo. Kwa ife chipongwe choposa chimenecho palibe.

"Dzina la gulu siliyenda pa bokosi la maliro," anatero.

"Tulukani pakhomo panga! Ndipo ku phwando ndisakuoneni!"

Tsiku linafika. Misa itatha, Maribel anakwera kutsogolo ndi diresi lake lalikulu, lodzaza mpando wonse. Mapikapu ena anandondozana pambuyo akuliza mahutala. Pakati pa tchalitchi ndi holo pamadutsa njanji, ndipo pamenepo msewu ndi wotumphuka. Aliyense wa pikapu yotsika akafika pa njanji amadina batani loikweza osaganiza n'komwe, dzanja limangopita lokha. Efraín anadina, pikapu inakwera mpaka pamapeto, iye n'kuponda moto.

Shafiti inasololoka. Mutu wake unagwa pansi n'kukakamira pa chitsulo cha njanji. Kumbuyo kwa pikapu kunanyamuka m'mwamba, pikapuyo inatera chammbali n'kukawomba mzati, mbali yomwe kunali mwana.

Efraín anatuluka ndi kabala pachipumi basi. Maribel anachita kumutulutsa ozimitsa moto, atadula chitseko. Amene anagwira dzanja la mwanayo nthawi yonseyo anali Gilberto, yemwe anabwera ku Misa ngakhale anamuletsa kufika ku phwando. Sanamuyang'anenso mlamu wakeyo.

Madokotala anayesetsa, koma phazi lamanja la mwanayo analidula. Foni ya Dusty mpaka lero siipezeka.

M'mawa mwake Maribel anatsitsimuka, mankhwala akadali m'mutu, asanadziwe chimene chachitika pansi pa bulangeti. Anaona bambo ake ndi diresi long'ambika lili pa mpando.

"Adadi, phwando latha? Simunandiveke nsapato zanga."

Pa phwando lotere, bambo amagwada pakati pa holo, amavula mwana wake nsapato zafulati n'kumuveka zazitali, kusonyeza kuti wakula. Bokosi la nsapatozo linali m'chikwama cha amayi ake a Maribel, ndipo mayiyo analitulutsa n'kumuponyera mwamuna wake pachifuwa.

"Mvekeni," anatero. "Si munalonjeza?"

Efraín anagwada pambali pa bedi. Anamuveka imodzi.

"Inayo, adadi?"

Phunziro: Thanki imasunthika, koma phazi la mwana silibwerera. Wokudzudzula pamaso ndiye m'bale wako, wokuuza zokukomera m'khutu amalandira zake n'kusowa. Ngati mukufuna kufa ndi ntchito yachidule, ferani nokha, musakwezepo mwana wosalakwa. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene akumanga galimoto pakhomo pake, makamaka uja wosamva za anzake, aiwerenge asanayatse makina owotcherera.