Vinyo wa ku Cape Adikira

Chikwama cha Natsai cha ulendo wa ku Joni chinali kale pakhomo pamene bambo ake, a Mose, anasolola mabotolo awiri a vinyo wofiira kunsi kwa bedi. Mabotolowo anapatsidwa tsiku lomwe kalabu ya mgodi ku Zvishavane, kumene ankaperekera zakumwa, inatsekedwa.

"Wa ku Maronderayu sachedwa kusasa, timwa lero pokutsanzika," anatero. "Wa ku Capeyu amakoma akakhalitsa. Adikira."

Akazi awo, a Dorika, anawomba m'manja. "Abambo a Natsai, m'mashopu muli mbee! Munthu wa hotela ku Gweru uja akuti atipatsa thumba la ufa pa botolo limeneli."

"Mawa ndikalowa m'maenje ndi makorokoza, okumba golide mozemba aja, ufa ubwera. Koma ili ayi."

Natsai anaweramitsa mutu. "Baba, opita ku Joni ambiri sabwerera."

A Mose anakulunga botolo la ku Cape lija m'chiguduli, natenga khasu. Anakumba pansi pa mtengo wa mango, pamene nthaka imakhala yozizira, mpaka thukuta linanyowetsa malaya.

"Bwera udzaone malo ake, mwanawe. Ine msana udzakhala utatha. Wodzafukula ndiwe."