Zeca wosintha ndalama ndi mzere wa pa foni

Panali munthu wina ku Mandimba, dzina lake Zeca, amene ankasintha ndalama pamalire. Ochokera ku Malawi ankamupatsa makwacha, iye n'kuwapatsa mametikali, ndalama za m'dziko lakelo. Ntchitoyo ankaidziwa, tisamunamizire. Kwacha ikagwa, Zeca ankangotseka chikwama n'kudikira mpaka mtengo ubwerere. Mpamba wa m'chikwamamo ndi umene unkadyetsa banja lonse.

Tsiku lina akupita ku Cuamba pa minibasi imene kumeneko amati chapa, anakhala pafupi ndi bambo wina wajekete, Simão, amene maso ake sankachoka pa foni.

"Mukuonera mpira, achimwene?" anafunsa Zeca.

"Ayi, ndili pantchito," anatero Simão. "Mzere uwu ndi mtengo wa makampani akuluakulu a ku America ataphatikizidwa. Mumangobetcha kuti lero ukwera kapena utsika. Mukalasa, mwadya lero lomwe. Mukaika zochepa amakuwerengerani ngati mwaika zambiri. Ndipo ku England, kumene kuli kampani yake, phindu lotere salidula msonkho."

Mawu oti msonkho palibe anamulowa Zeca mpaka m'mafupa. Pofika ku Cuamba, munthu wamkulu ndi ndevu zake anali atapereka foni kwa mlendo kuti amulembetse.

Kunyumba, mkazi wake Idalina anamvetsera zonse n'kupukusa mutu.

"Bambo a Nélia, ndi boma liti limaona phindu n'kulilambalala? Ngati sadula msonkho, ndiye kuti amaziyesa njuga."

"Inu amayi a Nélia, ine ndakalambira pa ndalama. Kukwera ndi kutsika kwa mitengo mundiphunzitse ndinu?"

Masiku oyamba anadyadi pang'ono, ndipo mapewa anakwera. Makasitomala ankaima ndi makwacha m'manja, iye maso ali pa foni. Kenako, osauza aliyense, anaika mpamba wonse n'kubetcha kuti mzere ukwera.

Mzere unayamba kutsika. Apa ndiye pamene pamandipsetsa mtima. Zeca anachita zimene ankachita pamalire zaka zonse. Anati, "Ubwerera," n'kuponya foni m'thumba ngati akutseka chikwama, ulendo kukasewera bawo.

Atamaliza bawo anayang'ana foni. Mzere unali utabwereradi, mpaka kupitirira pamene unayambira. Anafuula ndi chimwemwe, koma poyang'ana pa ndalama zake anapeza palibe kanthu. Nthawi yomweyo anaimbira Simão.

"Achimwene, ndinalasa! Mzere wakwera! Ndalama zanga zili kuti?"

"Unayamba watsika kaye, bambo, mpaka kudya zonse munaikazo. Zikatero makina amatseka okha. Kuno si pamalire, sadikira munthu."

"Nanga boma la ku England munkanena kuja silingandibwezereko?"

Simão anaseka. "Boma limene silidya nawo phindu sililira nawo maliro. Onjezerani zina, mawa mubweza."

Zeca anadula foni. Zoonjezera akanazitenga kuti? Idalina atamva sanakalipe n'komwe. Anangoti, "Ana mukawauze nokha," ndipo mawu amenewo anamupweteka kuposa chipongwe.

M'mawa mwake, chifukwa cha manyazi, anapitabe pamalire n'kukhala pamalo pake, chikwama chopanda kanthu chili pamiyendo. Posakhalitsa anatulukira mayi Yolanda, ogulitsa zitenje, amene sanasinthitsepo ndalama kwa munthu wina aliyense.

"Bambo Zeca, ndisinthireni msanga, chapa ingandisiye."

Zeca anayang'ana makwachawo. Kenako anakweza dzanja n'kuloza tsidya la msewu, kwa munthu amene ankalimbirana naye makasitomala.

"Pitani kwa a Ossufo, mayi. Ine ndinatseka."

Phunziro: Kudziwa msika wa kwanu sikutanthauza kuti wadziwa misika yonse. Ndalama ya m'chikwama imakudikira, ya kubetcha pa foni imatha iwe usanatembenuke. Munthu akakukopa ndi mawu oti "palibe msonkho", yamba wafunsa chifukwa chake, paja safunsa anadya phula. Ndipo mpamba wodyetsa ana sayesera mwayi. Atumizireni abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka aja asiya kukuyang'anani kumaso chifukwa cha mzere wa pa foni.