Thadzi Loyamba la Lena

"Mwaba ndinu, amake Kasimu!" anakuwa Lena, thadzi lake loyamba kuweta litasowa.

Mwasiti, mnansi wake amene anali mayi wa Kasimu, analumbira mpaka misozi, koma mbiri inali itawanda kale m'Kasenengwa monse. Pofuna mtendere, anapereka nkhuku yake imodzi yokhayo. Lena anaiphera mwamuna wake, amene anali atangobwera kuchokera kunkhondo ya ku Burma.

Mwezi usanathe, thadzi lija linatulukira kunsi kwa nkhokwe, anapiye ali pambuyo. Lena analizindikira nthawi yomweyo. Sankadziwa kuti nkhuku imabisala ikamafungatira mazira.

Asanapeze mawu opepesera, Mwasiti anafika ndi lichero la gaga. Lena analephera kumuyang'ana kumaso.

"Muziwapatsa anapiyewo, amake Vailet," anatero Mwasiti mofatsa. "Kwathu kulibenso womudya."