Ndodo Ziwiri za a Telala

A Telala anafika pakati pa chitunda ali wefuwefu, ndodo ziwiri m'manja, malaya atamatirira kumsana. Go! Go! Go! Mwendo wamanzere, ndodo yamanja, monga anawaphunzitsira namwino. Miyezi itatu inali itakwana tsiku limenelo.

Munthu ameneyu zaka makumi atatu anali chikhalire pa makina osokera. M'shopu mwake inkayamba kulowa ndi mimba, mwiniwake pambuyo. Ndiye tsiku lina adokotala atawayeza anati, "Mtima wanu ndi wotopa, magazi akuthamanga kwambiri. Opaleshoni sitingakupangeni muli chonchi. Muziyenda ndawala ola lathunthu tsiku lililonse. Ndodo zipeputsa mawondo, mikono nayo izigwira ntchito. Tidzaonane pakatha miyezi itatu."

Abale inu, munthu kuopa imfa chonchi! Mchere anasiya, fodya anataya. Kaya mvula kaya dzuwa, iwo ali pamsewu.

"Alamu, miyendo inayi ngati mbuzi!" ankakuwa wometa tsitsi pakhonde pake. "Manda akukuthamangitsani kapena?"

Iwo ankangopitirira ndi ndodo zawo. Lamba anaboolanso kawiri. Masitepe akunyumba anayamba kukwera osapumira. Koma akagwira pachifuwa, mtima unkagundabe mwaphuma, ndipo ankaunyengerera ngati mwana wokana mankhwala: "Chonde iwe, fatsa. Ndikuchitirenso chiyani?"

Chipatala chinali pamwamba pa chitundacho. Anawagoneka, n'kuwamata timawaya pachifuwa, makina n'kulavula pepala. Adokotala analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwayesetsa, bambo. Thupi laphwa, magazi ayamba kuyenda bwino. Mukapitiriza chonchi mudzaona zidzukulu. Koma opaleshoni mtimawu sungaipirirebe. Tiwonjezere miyezi iwiri."

A Telala anatsika pabedi n'kugwada pasimenti, bambo wamkulu wa imvi zake, misozi ili chuchuchu.

"Adokotala, chitunda chilichonse ndakwera. Chomwe munanena ndachita."

"Ndikudziwa, bambo. Koma mungatsalire patebulo."

"Nanga miyezi iwiriyo mwana wanga aitenga kuti? Wagona muwodi umo, watupa thupi lonse. Impso yomuyenera ndi yangayi basi. Ichotseni lero mumupatse, mtimawo ukafuna kuima uime!"

Adokotala anapukusa mutu, n'kuitana wodwala wotsatira.