Chidole Chogontha

Lachinayi nthawi ya 8:10 m'mawa, mayeso awiri mwa makumi anayi oyesera pulogalamu ya pa kompyuta anaonetsa zofiira, kutanthauza kuti alephera. Pofika 2 koloko masana anali adakali ofiira, ndipo Watsopano anali atawayendetsa ka 63. Ulendo uliwonse ankalemba kamzere papepala.

Mu ofesimo ankamutchulabe Watsopano ngakhale kuti anali atakhalamo pafupifupi miyezi itatu. Nthawi yomuonera ntchito inkatha Lachisanu, tsiku lomwenso chipatala china chaching'ono chinkayembekezera pulogalamu yoitanira odwala pafoni imene iye ankalemba. Makiyi achinsinsi otsegulira chotumizira mauthenga cha chipatalacho anali ataikidwa kale mu kompyuta yake Lolemba, pokonzekera tsikulo. Mkulu wa gulu sanapite m'mbali: mayeso onse akabiriwira, kusonyeza kuti akhoza, kalata ya ntchito isainidwa. Akapanda kutero, akambirana zina.

Kachigawo ka pulogalamu kovutako kanali kosavuta kukamva. Zotsatira za wodwala zikafika, kankauza chotumizira kuti chitumize mawu awa: "Zotsatira za magazi anu zatuluka. Bwerani kuchipatala msanga." Poyesa pulogalamu sagwiritsa ntchito chotumizira chenicheni. Amaikapo chongoyerekeza, chomwe mu ofesimo ankati chidole. Chidole sichitumiza kanthu. Chimangovomera, n'kusunga kuti chaitanidwa kangati ndiponso pa nambala iti. Mayeso amafunsa chidolecho.

Chidole chinkayankha kuti sichinaitanidwe n'kamodzi komwe.

Mayeso awiriwo anali ndi manambala a foni oyesera. Yoyamba inali ya amayi ake, poti ndi yokhayo ankaidziwa pamtima. Yachiwiri anangoipeka posintha komalizira.

Anazunguliza mpando kuyang'ana kwa Wandevu, mnzake wa tebulo la pawindo, amene analemba chidolecho.

"Achimwene, chidole chanuchi n'chogontha."

"Chagwira ntchito zaka ziwiri, achemwali," anatero Wandevu, maso ali pa kompyuta yake. "Mwina simunachipatse moni."

"Nanga kuchedwaku? Mayeso ena onse akutha ndisanaphethire. Awiriwa akudya masekondi asanu ndi atatu."

"Ukalamba umenewo. Nanunso mudzafika."

Watsopano sanaseke. Foni yake inanjenjemera patebulo. Amayi. Kanali ka khumi ndi kamodzi kuyambira m'mawa. Nkhani ankaidziwa kale: makatani a pabalaza, amene anawalonjeza Lamlungu kuti adzayeza. Anaitembenuza foniyo chafufumimba n'kuitsendereza ndi bukhu.

Zonse zoyenera kuchita anali atachita. Anaona kalembedwe ka dzina la chidole chilembo ndi chilembo. Anachifufuta n'kuchikoperanso. Anazimitsa kompyuta kawiri. Tiyi wa m'mawa anali atachita khungu m'kapu, chakudya cha masana chili chitsekere m'chikwama. Chinkamupweteka kwambiri n'chakuti pulogalamuyo sinkadandaula kanthu. Inkafika kumapeto bwinobwino n'kunena kuti uthenga wapita. Chidole chokha ndicho chinkakana kuchitira umboni.

Ndiye vuto linali la ndani? Iye atuluke pakhomo Lachisanu chifukwa cha chinthu cha mwini wake, mwini wakeyo ali phee kuseweretsa ndevu?

Nthawi ya 2:20 analembera Mkulu wa gulu kalata. Anaikamo nthawi imene anayamba, maulendo 63, masekondi asanu ndi atatu a ulendo uliwonse, ndi chiganizo chimodzi chomaliza: chidole n'chowonongeka, pulogalamu ilibe vuto. Anaiwerenga kawiri, anachotsa mawu akuti "mwina", n'kuitumiza. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo mapewa anatsika.

Bukhu lija linayambanso kugwedera. Anayankha.

"Mayi, makataniwo ndibwera Loweruka."

"Makatani ati, mwanawe? Ndili pabenchi kuchipatala kuno kuyambira 9 koloko. Anditumizira mauthenga 63 kuti ndibwere msanga, koma anamwino akuti dzina langa mulibe m'mabuku. Magaziwo ndinapereka liti ine? Akundibisira chiyani?"

Watsopano anakweza maso n'kuyang'ana pa kompyuta. Pa mzere wa 12 wa pulogalamuyo, kachigawo kake kaja kankadzipangira kokha chotumizira chenicheni ndi makiyi a chipatala aja, chidole chili chikhalire pambali osaitanidwa. Nambala yachiwiri ija nayonso inalandira mauthenga 63, ndipo mwini wake sanadziwikebe.